Unaphunzira kuyendetsa, nanga kuima anakuphunzitsa ndani?

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha, kuti wina asadzanene kuti awa ndi mawu a munthu wa m'galimoto yotseka magalasi amene sanagwirepo handulo. Ine njinga yamoto ndinayendetsa zaka zitatu zathunthu ndilibe pepala lililonse. Lena ndinalibe, layisensi ndinalibe, buku la malamulo a pamsewu ndinali ndisanalitsegulepo. Ndipo mukanandifunsa nthawi imeneyo, ndikanakuuzani mosaphethira kuti pa Lizulu ponse panalibe dolo wondiposa.

Sukulu yanga inali ya masiku atatu, pa galaundi ya mpira. Mphunzitsi anali msuweni wanga, amene anaphunzitsidwa ndi mnzake, mnzakeyo anaphunzitsidwa ndi mlamu wake, mlamuyo kaya ndi ndani. Tsiku loyamba, kilatchi ndi giya wani. Tsiku lachiwiri, kuzungulira magolo osatsitsa phazi. Tsiku lachitatu anakwera kumbuyo kwanga, tinalowa mu M1, tinakafika pamsika, potsika anandimenya paphewa n'kunena kuti, "Basi aise, watha. Zotsalazo ukaphunzira pamsewu." Madzulo a tsiku lomwelo ndinanyamula kasitomala wanga woyamba, mayi wina wa dengu la kabichi.

Za mabuleki anandiuza chinthu chimodzi chokha, ndipo ndikudziwa kuti ambiri a inu amene munaphunzira pa galaundi munauzidwa zomwezi: "Ya kutsogoloyi usamaigwire, imagwetsa." Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Nkhani yanga lero ndi imodzi. Pali bodza limene achinyamata tagwirizana kuti tiziuzana, lakuti lena ndi layisensi ndi mapepala a apolisi, timawafuna kuti atrafiki asatilande njinga, basi. Okhulupirira bodza limeneli ali pawiri. Ena sapita n'komwe kukayesedwa, luso lawo ndi kudziwa tinjira tolambalala rodibuloko. Ena amapita, koma ndi envulopu m'thumba, kusaka dobadoba woti awatulutsire khadi asanakwere njinga pamaso pa woyesa. Onsewa ndikutsutsana nawo, ndipo sindinyengerera, chifukwa maganizo amenewa ndinali nawo, ndipo amene analipira mtengo wake si ine.

Analipira ndi amayi anga aang'ono.

Linali tsiku la msika, m'mamawa. Anandipeza ndikupukuta njinga.

"Mwanangu, tandiperekeza kumsewu, matimatiwa angandionongekere."

"Kwerani amayi, musadandaule, pompano tafika."

Dengu tinamanga kumbuyo, iwo anakhala chammbali monga amakhalira amayi ovala chitenje. Helimeti inalipo imodzi, ndipo inali lende pa handulo. Msewu wa fumbi, wotsetsereka pang'ono, ndinkaudziwa ngati chikhatho changa. Tili pakati, mbuzi inatulukira m'chimanga. Phazi langa linachita zimene linaphunzitsidwa: linaponda buleki ya kumbuyo ndi mphamvu zonse. Tayala linauma, matako a njinga anapita kwawo, ndipo tonse tinagwera mbali imodzi. Ine ndinasupuka chigongono. Iwo njinga inawagwera pamwendo, fupa la msongolo linathyoka pawiri. Miyezi yambiri m'chipatala ndi zitsulo m'mwendo, geni ya matimati inathera pomwepo, mwana wawo wamkulu anakhala teremu yonse pakhomo chifukwa cha fizi. Mpaka lero amayenda motsimphina, ndipo kukazizira, paja kwathu ku Ntcheu kumazizira, mwendowo umawakumbutsa.

Achibale anandikhululukira msanga kuposa mmene ndinkayenerera. "Tsoka silinunkha," anatero amalume. Ena anati mbuziyo sinali mbuzi wamba, inachita kutumizidwa. Ine ndinasankha mfundo yophweka: yalakwa ndi mbuzi. Sabata yotsatira ndinali pa siteji ndikuitanira anthu.

Patatha chaka ndinatsikira ku Joni monga achitira anzanga ambiri. Mnzanga wina anandiuza kuti ndalama ya msanga ili pa madelivale, kuperekera zakudya panjinga, koma popanda layisensi sakulemba. Ndinaseka. Ine? Zaka zitatu pamsewu wa maenje, mvula, matope, matumba a mbatata atatu kumbuyo? Ndinati kamayeso kameneko ndikakhoza ndili mtulo.

Ku South Africa dongosolo lake lili chonchi. Umayamba ndi lena, ya njinga amaitcha code 1. Akuyeza maso, kenako ulemba mayeso a magawo atatu: malamulo a pamsewu, zikwangwani ndi mizere ya pamsewu, ndi zowongolera njinga. Gawo lililonse uyenera kulikhoza palokha, sungabise umbuli wa zikwangwani kuseri kwa kudziwa kilatchi. Wa zaka 16 amaloledwa njinga yosapitirira 125cc, yaikulu kuposa pamenepo mpaka ukwanitse zaka 18. Lenayo imagwira ntchito miyezi 24. Uli nayo ukhoza kuyendetsa wekha pamsewu, koma pali lamulo limodzi limene linandiseketsa tsiku limene ndinaliwerenga: wa lena sanyamula munthu kumbuyo. Ndinakumbuka mayi wa kabichi uja wa tsiku lachitatu, ndinati azungu ndi mantha awo.

Lena ndinakhoza, nditaloweza kabuku ka K53 ngati ndikukonzekera MSCE. Kenako linafika tsiku lokwera njinga. Mayeso a njinga kumeneko amachitikira pabwalo lotchinga, lojambulidwa mizere. Palibe minibasi, palibe mbuzi, palibe kasitomala wokufulumizitsa. Amaona ngati umayang'ana magalasi ndi kucheuka usananyamuke, ngati umakhota osaponda mzere, ngati ungasinthe mbali ya msewu utapereka chizindikiro, ngati unganyamuke pachitunda njinga osabwerera m'mbuyo. Kumapeto kuli ziwiri zimene zimaulula munthu: kuima mwadzidzidzi ndi kulewa mwadzidzidzi. Umabwera pa liwiro lochepa ndithu, loti kwathu tingati ukuyenda ngati wanyamula mazira, ndiye kutsogolo kwako getsi limayaka nthawi imene iwe sukuidziwa.

Getsi lofiira linayaka. Phazi langa linachita zimene linachita tsiku la mbuzi lija. Tayala la kumbuyo linalira, matako a njinga anapita kwawo, ndipo ndinapezeka pansi, mwendo uli kunsi kwa njinga. Ukagwa, mayeso athera pomwepo. Woyesayo, mayi wachikulire wosaseka, anabwera n'kundithandiza kudzutsa njinga, kenako anandifunsa funso limodzi: "Dzanja lako lamanja limachita chiyani nthawi yonseyi?"

Ndinalibe yankho. Ndinakhala pamphepete pa bwalo lija, helimeti ili pamaondo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona tsiku la msika lija mmene linalili. Pabwalo pano panalibe mbuzi, panalibe fumbi, panalibe ufiti, koma kugwa kunali komweko, mbali yomweyo. Zaka zitatu ndinkanyamula anthu ndisakudziwa kuimitsa njinga. Msewu sunandiuze. Makasitomala sanandiuze. Anzanga a pa siteji sakanandiuza, chifukwa tonse tinaphunzira pa galaundi imodzi. Anandiuza ndi mayeso amene ndinkawanyoza aja, m'mphindi zosakwana makumi awiri.

Ndiye wina akamati "ine ndili ndi experience, mayeso ndi a ana", ndimamva chisoni ndi mkwiyo pamodzi. Zaka zambiri pamsewu zimakuphunzitsa zinthu zimene umachita tsiku ndi tsiku: kusintha magiya, kuzemba maenje, kudutsa pakati pa minibasi ziwiri. Kuima mwadzidzidzi sumakuchita tsiku ndi tsiku. Kumabwera kamodzi pachaka, mwina kamodzi pa zaka zitatu, ndipo tsiku limene kwabwera palibe kubwereza. Ngati unaphunzira molakwa, zaka zako zonsezo wakhala ukungokhwimitsa kulakwako mpaka kukhazikika m'phazi. Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Izi si zakwathu kokha ayi. Mu 1981 ku America kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anthu a njinga zamoto amamutchula kuti Hurt Report, potengera dzina la Harry Hurt wa ku University of Southern California amene anatsogolera ntchitoyo. Gulu lake linafufuza mozama ngozi 900 za njinga zamoto m'dera la Los Angeles. Linapeza kuti mwa oyendetsa 100 aliwonse amene anachita ngozi, 92 anali odziphunzitsa okha kapena ophunzitsidwa ndi abale ndi anzawo. Oposa theka anali asanathe miyezi isanu akuyendetsa njinga imene anachita nayo ngoziyo. Nthawi imene woyendetsa amakhala nayo yoti alewe ngozi, kawirikawiri sikwana masekondi awiri. Ndipo mverani ichi: ambiri zinthu zikathina ankaponda buleki ya kumbuyo mopitirira muyeso mpaka tayala kutsetsereka, ya kutsogolo osaigwira mokwanira. Nditawerenga zimenezi ndinachita ngati anthuwa anali pa galaundi yathu ija akumvetsera msuweni wanga.

Tiyeni tiione bwino buleki ya kutsogoloyi, poti bodza lake lili ndi kachoonadi pang'ono, n'chifukwa chake limafala. Ukaimitsa njinga, kulemera konse kumathamangira kutsogolo. Tayala la kutsogolo limakanikizika pansi n'kugwira msewu mwamphamvu, la kumbuyo limapepuka. Choncho mbali yaikulu ya mphamvu yoimitsira, pafupifupi magawo asanu ndi awiri mwa khumi, ili kudzanja lamanja. Phazi ndi lothandizira chabe. N'zoona kuti ukaikhwatula kamodzin'kamodzi, makamaka pa mchenga kapena handulo itakhota, ikugwetsa. Koma mankhwala ake si kuisiya. Umaifinya ngati ukufinya ndimu, pang'ono poyamba, kenako mwamphamvu, njinga ili chilili, maso ali kutsogolo, phazi likuthandizira mofatsa. Mphunzitsi amene ndinamulipira nditalephera mayeso anandichititsa zimenezi kambirimbiri pamalo oimikapo magalimoto, mpaka dzanja linayamba kupita lokha. Ulendo wachiwiri ndinakhoza.

Onjezerani masamu pang'ono, musathawe, ndi a pulayimale. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, sekondi iliyonse umadutsa mamita pafupifupi 17. Sekondi imodzi yokha yoti diso lione mwana, mutu uzindikire, dzanja lifike pa buleki, wayenda kale mamita 17 usanayambe n'komwe kuima. Ndipo ukawirikiza liwiro kawiri, mtunda woimira mabuleki atagwira suwirikiza kawiri ayi, umawirikiza kanayi. Ikapo munthu kumbuyo, thumba la fetereza la makilogalamu 50 pa thanki, matayala osalala ngati mutu wa agogo, uone mmene mtundawo utalikire. Zimenezi palibe amene amabadwa akuzidziwa, ndipo pa siteji sizikambidwa. Zimakambidwa pamene munthu akukonzekera mayeso.

Tibwerere ku lamulo lija linandiseketsa, lakuti wa lena sanyamula munthu. Ku Britain nakonso ndi chimodzimodzi. Kuyambira 1990, munthu asanalowe pamsewu yekha ndi njinga yamoto amayamba wachita maphunziro okakamiza otchedwa CBT, omwe mkati mwake muli maola osachepera awiri pamsewu ali ndi mphunzitsi. Akatero amapatsidwa satifiketi ya zaka ziwiri, amayenda ndi chikwangwani cha L, saloledwa njinga yoposa 125cc, saloledwa pa misewu ikuluikulu ya motorway, ndipo saloledwa kunyamula munthu. Nzeru ya lamuloli ndi yosavuta. Wophunzira adzalakwitsa ndithu, ndiko kuphunzira kwake. Ndiye polakwitsapo, khungu losupuka likhale lake. Iye anasankha kuphunzira njinga. Munthu wa kumbuyo sanasankhe kukhala chophunzirira.

Kwathu tinalitembenuza lamuloli chadodolido. Miyezi imene munthu ali woopsa kwambiri, miyezi yoyambirira ija, ndi imene amanyamula anthu ambiri, chifukwa njinga ndi ya bwana, tageti ya tsiku ikudikira, ndipo iye akufuna kuonetsa anzake kuti si mwana. Amanyamula awiri, atatu, mayi wobereka khanda kumsana, mwana wa sukulu pa thanki. Tingoganiza: mungalole munthu amene wagwira jakisoni masiku atatu pa galaundi kuti abaye mwana wanu? Nanga n'chifukwa chiyani msana wa mwana yemweyo timaupereka kwa munthu amene wagwira handulo masiku atatu?

Kwa iwe wogula layisensi ndili ndi mawu apadera, chifukwa iwe umadziona ngati wochenjera kuposa tonse. Wopanda pepala uja amadziwa mumtima kuti alibe kanthu, akaona yunifolomu amachepetsa liwiro. Iwe uli ndi khadi lonena kuti boma linakuyesa n'kukupeza woyenera, pamene palibe anakuonapo ukuimitsa njinga. Wanamiza wapolisi, chabwino, ameneyo mumadziwana. Koma wanamizanso bwana amene wakupatsa njinga, kasitomala amene wakufunsa ngati uli ndi mapepala, ndi iwe mwini, poti pakapita miyezi umayamba kukhulupirira khadi lakolo. Ndalama imene wapereka kwa dobadoba wagulira chinthu chimodzi: mwayi wosamva funso lija mayi woyesa anandifunsa ine. Ndipo funso limenelo ndi lokhalo linali laphindu pa ndondomeko yonseyo. Wagula chikho, mankhwala wataya.

Tsopano ndikudziwa zimene mukulemba kale m'mitima mwanu. "Iwe wadya ma rand ndiye ukuona ngati ndi zophweka. Ntchito kulibe. Kabaza ndiye akudyetsa mabanja. Layisensi ndi yodula, ofesi ili kutali, ukapita lero akuti netiweki palibe, bwera mawa, ndipo tsiku lililonse limene suli pa siteji ana agona ndi njala." Zonsezi ndi zoona, sindikutsutsa ngakhale chimodzi. Mnyamata wa pa Lizulu kuti akafike ku Lilongwe ayenda makilomita oposa 100, ndipo ulendo wake si umodzi. Thiransipoti, chakudya, malipiro a mapepala, kuphatikiza masiku otayika, ndalama yake ikhoza kuposa zimene amasunga miyezi ingapo. Munthu wanzeru zake akawerengera amaona kuti kupereka ya fanta pa rodibuloko kamodzi pa sabata n'kotchipa. Sindimunena kuti ndi chitsiru.

Koma taonani kumene mfundo imeneyi imathera tikaitsatira mpaka kumapeto. Ikutanthauza kuti poti woyendetsa ndi wosauka, wokwera alandire ngozi. Nanga wokwera kabaza ndi ndani? Si bwana wa Prado. Ndi mayi wa matimati, mphunzitsi wa kumudzi, wodwala wopita ku chipatala chaching'ono, mtsikana wochokera ku sukulu yoyendera. Umphawi wa woyendetsa ukulipiridwa ndi mwendo wa wosauka mnzake. Madokotala a mafupa akhala akudandaula poyera kuti mabedi m'mawodi mwawo akudzaza ndi anthu ovulala pa njinga zamoto. Amene ali pamabedi amenewo, chikhakha mpaka m'chiuno, ndi ife tomwe. Ndiye kudula kwa layisensi ndi chifukwa chokalipira boma kuti litsitse mtengo ndi kufupikitsa mtunda. Si chifukwa chonenera kuti mayesowo ndi achabechabe.

Ndipo boma nalo lisabisale kuseri kwa ife. Malamulo alipo. Road Traffic Act ya 1997 ilipo. Nthambi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services ilipo. Layisensi zathu zimatsata dongosolo la mayiko a SADC: A1 ya njinga zosapitirira 125cc, A ya zazikulu kuposa pamenepo, ndipo amene muli ndi B ya galimoto musadzinamize, imeneyo si ya njinga. Njira yake ndi yodziwika: mayeso a malamulo ndi zikwangwani, lena, kenako kuyesedwa kuyendetsa. Vuto ndi lakuti ndondomeko imeneyi inakonzedwa nthawi imene njinga yamoto inali ya alangizi a zaulimi ndi abusa, anthu owerengeka. Lero njinga zili pa mphambano iliyonse, zina zolowera ku Mozambique, zina ku Tanzania, ndipo maofesi akuluakulu akadali m'mizinda, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu, Zomba. Chimene mnyamata wa kumudzi amaona cha boma pa nkhani ya njinga ndi lole ya apolisi yodzaza njinga zolandidwa. Papita sabata ziwiri, njinga zabwerera pamsewu, oyendetsa ndi omwewo, phazi ndi lomwelo, kuima sakudziwabe. Chasintha ndi thumba lokha. Nthawi ya kampeni ikafika, anyamata omwewo amavekedwa matisheti n'kutsogolera mdipiti wa andale, atatuatatu panjinga, opanda helimeti, ndipo palibe amafunsa za lena.

Chimene ndikupempha si chodabwitsa. Mayeso a njinga safuna nyumba ya magalasi. Amafuna bwalo losalala, makoni, tepi yoyezera, ndi woyesa wosagulika. Galaundi ya mpira imene tinaphunzirira zolakwika ija ikhoza kukhala malo oyeserapo zolondola. Woyesa abwere pa boma lililonse masiku odziwika, olengezedwa pa wailesi, monga amachitira a kalembera wa zisankho ndi a katemera. Ngati boma limatha kufika kumudzi kwathu kudzandilemba kuti ndikavote, lingalephere bwanji kufika kudzaona ngati ndimatha kuima? Mafunso a lena afunsidwe m'chilankhulo chimene munthuyo amalota nacho, Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, ndipo wosatha kuwerenga afunsidwe pakamwa ndi zithunzi, poti tikuyesa kudziwa msewu, sitikuyesa Chingerezi. Malipiro alolezedwe pang'onopang'ono pa foni. Mabungwe a akabaza pa siteji iliyonse akhale ndi udindo wosalola wa lena kunyamula munthu. Mwini njinga amene wapereka kiyi kwa mnyamata wosayesedwa ayankhe mlandu limodzi naye, chifukwa tageti amadya ndi iyeyo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sindikupempha, ndipo ndikukana ndi mtima wonse: kufewetsa mayesowo. Pali ena amene chifundo chawo chimati tingowapatsa anyamatawa mapepala atamvera phunziro la tsiku limodzi m'holo, asainire, adye fanta ndi bani, azipita. Chimenecho ndi chiphuphu chomwe chija, kungoti chavala tayi. Mtengo utsike, mtunda ufupike, chilankhulo chisinthe, koma mzere woimira usasunthe. Wolephera alephere, abwerenso. Kulephera kwanga pabwalo lija ndi chinthu chabwino kwambiri chimene boma lililonse linandichitirapo.

Wina anena kuti izi ndi za mayiko olemera. Ku Kigali, ku Rwanda, njinga zonyamula anthu zili paliponse ngati kwathu kuno, koma woyendetsa amakhala ndi mahelimeti awiri, yake ndi ya kasitomala, amavala jekete ya nambala, ndipo amanyamula munthu mmodzi. Rwanda si Britain. Anangosankha kuti lamulo lisamakhale la tsiku la chipikisheni lokha. Za helimetizo, kafukufuku amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lakhala likumugwiritsa ntchito amaonetsa kuti helimeti yovala bwino imachepetsa mpata wa imfa ndi pafupifupi 40 pa 100, ndipo kuvulala m'mutu ndi pafupifupi 70 pa 100. Yovala bwino, kutanthauza yomanga lamba pachibwano. Yolendewera pa handulo ngati yanga ija imateteza handuloyo.

Ndifike kwa inu okwera, poti pano ambiri amene mukuwerenga simuyendetsa, mumangokwera. Inunso muli m'gulu. Mumafika pa siteji n'kusankha wotchipa ndi K200. Mumati, "Achimwene, tathamangani, ndachedwa." Akachepetsa liwiro pa bampu mumamuona ngati wamantha. Akakupatsani helimeti mumakana kuti iwononga tsitsi, kapena ikununkha thukuta la anthu ena. Mumakwera awiri kuti mugawane mtengo. Mnyamata wa pa siteji amawerenga msika wake bwino lomwe: waona kuti kuthamanga kumalipira, mapepala salipira. Tsiku limene makasitomala adzayambe kudutsa njinga zisanu kufunafuna amene anayesedwa, mudzaona mizere ku ofesi ya layisensi popanda wapolisi aliyense kuthamangitsa munthu. Kufunsa kuti "achimwene, layisensi muli nayo?" kumachititsa manyazi, ndikudziwa. Yerekezani manyaziwo ndi miyezi itatu mukuthandizidwa kupita kuchimbudzi.

Ndipo iwe mng'ono wanga amene uli pa siteji lero wopanda pepala, ndalama ya mayeso sinakwane, sindikukuuza kuti uimike njinga ana afe ndi njala. Ndikukuuza ziwiri. Choyamba, yamba kusunga, ngakhale pang'ono pa tsiku, ndipo ikakwana upite nayo pakhomo lakutsogolo, ukakwere njinga pamaso pa woyesa. Chachiwiri, Lamulungu likubwerali masana, pita wekha pamalo osalala opanda anthu, vala helimeti, manga lamba, lemba mzere ndi phulusa. Bwera pang'onopang'ono, giya thu, ukafika pamzerewo finya ya kutsogolo mofatsa pamodzi ndi ya phazi. Ika mwala pamene waima. Bwereza, ndipo ubwerezenso, uone mwalawo ukuyandikira mzere. Si mayeso amenewo, ndipo salowa m'malo mwa mayeso. Koma udzadziwa madzulo omwewo ngati unali dolo kapena unali ndi mwayi chabe.

Nditabwerako ku Joni ndinapita kukaona amayi aang'ono. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba, mwendo uja atautambasula pa mkeka. Ndinakhala pansi, ndinawalonjera, kenako ndinatulutsa khadi lija n'kuwaonetsa. Ndinawafotokozera za bwalo, za getsi lofiira, za mayi woyesa uja ndi funso lake. Ndinati, "Amayi, tsiku lija sinali mbuzi. Ndinali ine. Sindinkadziwa kuima."

Analitembenuza khadilo uku ndi uku, anandibwezera, n'kupitiriza kusankha nyemba zawo.

"Ndinkadziwa, mwanangu," anatero. "Mbuzi zimadutsa pamsewu tsiku ndi tsiku."

Mawa lake linali tsiku la msika. Minibasi sifika kwathu. Ndinawaona akutsimphina kupita pamphambano, dengu pamutu, ndipo kamnyamata kena kosamera ndevu, njinga yatsopano mapulasitiki akadali pa mpando, kanaliza hutala n'kuwaimira.